Mbande za m'botolo: phindu lagona pa kuzizoloweretsa

Dzinja likayandikira, ogulitsa mbande za mitengo yokongoletsa pakhomo amapeza makasitomala ambiri, koma katundu ndiye amachepa. Njere zimachedwa kumera, ndipo nthambi zodula sizigwira zonse. N'chifukwa chake kunja, m'maiko ngati Netherlands, India ndi Thailand, mitengo ya ficus ndi maluwa a orchid amazichulukitsa mu labotale, njira yotchedwa tissue culture. Ku Malawi njirayi inadziwika kwambiri ndi nthochi, matenda a chisaka atawononga minda ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Akatswiri amadula kansonga ka mphukira ya mtengo wathanzi, n'kukatsuka ndi mankhwala opha tizilombo. Kenako amakaika m'botolo lotsekedwa, momwe muli phala lolimba la shuga, mchere wa zomera ndi timadzi tokulitsa. Timadzi ta cytokinin timatulutsa mphukira zambiri, pomwe ta auxin timameretsa mizu. Pakatha masabata 4 mpaka 6, mphukirazo amazigawa n'kuziika m'mabotolo ena. Motero kansonga kamodzi kamabala mbande zochuluka, zofanana ndi kholo lake msinkhu ndi mtundu wa masamba.

Apa ndi pomwe wogulitsa ayenera kusamala. Kambande kotuluka m'botolo sikadziwa dzuwa kapena mphepo, ndipo masamba ake amataya madzi msanga. Woziyala pamsika tsiku lomwelo akhoza kutaya mpamba wonse lisanalowe dzuwa.

Choyamba, phala lija alitsuke kumizu, chifukwa shuga amaitana nkhungu. Adzale m'machubu a dothi losakaniza ndi mchenga, lomwe laphikidwa kuti tizilombo tife. Aphimbe ndi pulasitiki yoonekera, aike pamthunzi, ndipo tsiku ndi tsiku azitsegulako pang'ono kwa masabata angapo. Tsamba latsopano likatuluka, ndiye kuti mbande yagwira. Zopinimbira ndi zamasamba opunduka azichotse, asagulitse.

Pooda, afunse ngati mbandezo zazoloweretsedwa kale, popeza mtengo wake umasiyana: zanthete n'zotchipa koma zimafa zambiri. Zochokera kunja zimafuna chilolezo cha unduna wa zamalimidwe. Kasitomala amuuzenso zoona, kuti mbandezi zimachoka mu labotale zili zoyera, koma zikafika pakhomo zimadwala ngati mtengo wina uliwonse. Wogula amene mtengo wake wagwira amabweranso chaka chamawa, ndipo sabwera yekha.