Kalata ya mnyamata wa ku Chintheche

Mwezi wathawu ndinali ku Chintheche kukaoda usipa wa geni ya mlongo wanga. Ndili chidikirire mabwato pamchenga, mnyamata wina anandipatsa kalata yofunsira ntchito pamalo ena ogona alendo. "Achimwene, tandionereni," anatero, poti anamva kuti ndinapondako ku yunivesite. Zoti sindinamalize sindinamuuze.

Chiganizo choyamba chinali chotere: "Although I failed Biology but I passed English." Ndinafuna kuseka koma ndinadzigwira, chifukwa mlandu si wake yekha. M'Chichewa timati "ngakhale ndinalephera, koma ndinayesetsa" ndipo palibe amadandaula. M'Chingerezi "although" ndi "but" ali ngati akazi a pamitala, sagona nyumba imodzi. Chotsani mmodzi, chiganizo chiongoka.

Pamunsi analemba kuti "My uncle he is a fisherman." Apanso chilankhulo chathu ndicho chalowerera. Tikati "malume akuwedza", "a" wa kumayambiriro kwa mneniyo akubwereza malume omwewo, ndipo Chitonga chimachitanso chimodzimodzi. Mwana akamalemba Chingerezi amamufunira malo "a" uja, ndiye amaponyapo "he". Chingerezi chimatchula mwininkhani kamodzi basi.

Kenaka panali chiganizo cha mizere isanu, mipatuliro yokhayokha popanda mpumiro, chodzaza ngati matola a pamsewu wa M5. Chotsatira chake chinali chiduswa: "Because I am hardworking." Chifukwa ndiwe wolimbikira, ndiye kwatani? Mutu wa nkhani wasiyidwa panjira.

Chinandiwawa n'chakuti dera limeneli si lachilendo ku sukulu. Amishoni a Livingstonia anakhazikika pa Bandawe mu 1881, ndipo Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira konkuno, anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, akukangana ndi azungu m'chilankhulo chawo chomwe. Lero ophunzira inu mukudziwa kuti satifiketi ya MSCE siituluka mukagwa Chingerezi. Nanunso a geni, kalata yanu yopempha ngongole kubanki imaweruzidwa ndi ziganizo zomwezi.

Ndinamuuza awerenge kalatayo mokweza, paliponse pamene mpweya wamuthera afunse: akuchita ndani, akuchita chiyani? Zonse ziwiri zikapezeka ndipo ganizo latha, aike mpumiro. Chiganizo chachitali chija chinabala zinayi.

Mabwato atafika iye anali akukopera kachitatu, pepala atalitsamiritsa pabondo.