Pulogalamu Yokonzera Kanema Akonzi Akakhala Ambiri

Tiyerekeze kuti kwaya ya CCAP pa Mulanje Mission yajambulitsa nyimbo zake, zina pakhomo pa tchalitchi, zina m'minda ya tiyi phiri likuonekera kumbuyo. Wojambula amakhala pa Chitakale, wodula ndi kulumikiza zithunzi ali ku Limbe, wokonza mawu ali ndi situdiyo ku Blantyre. Anthu atatuwa asanakangane za pulogalamu yoposa inzake, ayambe afunsana kuti ntchito izichoka bwanji m'manja mwa uyu kupita kwa uyo popanda kusokonekera. Mapulogalamu akuluakulu onse amadula zithunzi bwino. Pomwe amasiyana kwenikweni ndi pa kapatsiranidwe ka ntchito.

Avid Media Composer, yomwe idatuluka mu 1989, ndiyo idazika mizu m'makampani a mafilimu ndi a wailesi yakanema. Walter Murch adakonzera pa Avid filimu ya The English Patient ya mu 1996, ndipo adalandira nayo mphoto ya Oscar. Mphamvu ya Avid yagona pa kugawa ntchito m'timafoda totchedwa bin. Mkonzi akatsegula bin, kwa iye kumaoneka kaloko kobiriwira, pomwe anzake amaona kofiira: angathe kusuzumira zomwe zilimo, koma sangasinthe kanthu. Motero akonzi asanu akhoza kugwira filimu imodzi tsiku lonse osafufutirana ntchito. Koma dongosololi lidapangidwira anthu okhala m'nyumba imodzi, makompyuta awo atalumikizidwa ku seva imodzi. Ku MBC zoterezi zingamveke, koma kwaya yathu ija ilibe seva.

Adobe Premiere Pro ndiyo achinyamata ambiri okonza makanema a nyimbo amaidziwa, ndipo si yachibwana ayi: filimu ya Everything Everywhere All at Once, yomwe idapambana Oscar ya ukonzi mu 2023, idakonzedwera pomwepo. Mu 2020 Adobe idaonjezera njira yotchedwa Productions, yogawira ntchito mofanana ndi ya Avid. Vuto lili pa ndalama. Kuyambira mu 2013 Premiere siigulidwa kamodzi n'kukhala yako, umalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka m'ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake kwa Mmalawi udakwera tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ambiri amangokopera yakuba kwa anzawo, aliyense ya chaka chake. Tsono ntchito yosungidwa pa Premiere yatsopano imakana kutseguka pa yakale. Wa ku Limbe atumiza, wa pa Chitakale atsegula, kompyuta ikana, tsiku latha akuimbirana foni.

Za Final Cut Pro tisatayepo nthawi. Ndi yachangu ndipo umagula kamodzi, koma imagwira pa zipangizo za Apple zokha. Mmodzi pagulu akakhala ndi Windows, nkhani yathera pomwepo.

DaVinci Resolve idayamba ngati chida chokonzera mitundu ya zithunzi. Kampani ya ku Australia ya Blackmagic Design idaigula mu 2009 n'kuikulitsa, moti lero kudula, kukonza mitundu ndi kukonza mawu zonse zimachitikira m'pulogalamu imodzi. Pali yaulere yokwanira ntchito yeniyeni, palinso ya Studio yolipira kamodzi. Kuyambira mu 2022, Blackmagic Cloud imalola akonzi otalikirana kutsegula ntchito imodzi nthawi imodzi kudzera pa intaneti. Kwa gulu ngati la ku Mulanje, ine ndingasankhe imeneyi, makamaka chifukwa onse atatu akhoza kukhala ndi yofanana popanda kuba. Chilema chake n'chakuti imafuna kompyuta yamphamvu. Laputopu yakale imatentha, chithunzi n'kumadukiza.

Apa ndi pomwe pamafunika ma proxy, omwe ndi makope opepuka a zithunzi zojambulidwazo. Mapulogalamu anayi onsewa amatha kuwapanga. Mkonzi amadula pogwiritsa ntchito makopewo, ndipo pomaliza pulogalamu imabwezeretsa zithunzi zenizeni zija m'malo mwake. Zithunzi zenizenizo n'zolemera kwambiri, sungazitumize ndi bandulo ya pafoni. Zimakwera minibasi pa hard drive, kudzera mumsewu wa Midima, ulendo umodzi wokha. Zikafika, chomwe chimayenda pakati pa akonzi ndi kafayilo kakang'ono ka ntchitoyo, kotheka kutumiza ngakhale pa WhatsApp.

Koma kubwezeretsako kumadalira mayina a mafayilo. Makamera awiri a Sony akajambula tsiku limodzi, iliyonse ikhoza kutulutsa fayilo yotchedwa C0001. Mukaziponya m'foda imodzi, kapena wina akasintha mayina pa kompyuta yake yokha, pulogalamu imasokonezeka: pomwe pamayenera kuoneka woimba wotsogolera pamatulukira phiri. Choncho wojambula asanatumize hard drive, agawe mafoda potsata tsiku ndi kamera, akopere zonse pa hard drive yachiwiri yotsala ku Mulanje, ndipo pasakhalenso wosintha dzina lililonse. Pa Resolve mkonzi ayatsenso Live Save, yomwe imasunga ntchito pa kusintha kulikonse, poti magetsi akamazima sachenjeza.

Ntchito ikakhala yogwirizana ndi kampani yakunja, kusankha kumachoka m'manja mwanu. Afunseni pulogalamu yomwe akugwiritsa ntchito musanayambe kujambula. Mafayilo a XML ndi AAF amasamutsa ntchito kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina, koma zolembalemba za pachithunzi ndi zokometsera zina zimatsalira m'njira, ndipo wina amayenera kuzipanganso pamanja.