Kadontho ka oyilo pansi pa difu: tikonze masaka asanakwere

Nyengo yokolola ikafika kuno kum'mawa, motoka zonse zakale zimene zinagona pansi pa mitengo ya mango dzinja lonse zimauka. Zina ndi ma Dyna, zina ndi ma Isuzu, koma ife tonse timangozicha kuti Canter. Ndizo zimatuta cimanga kupita kudepoti ya FRA, nshawa ndi thonje kupita kwa ogula, ndipo usiku wina ndizo zimathamangira ku cipatala ndi mai wapakati. Conco motoka yotere ikafa, amene amalira si mwini wake yekha ai, koma mudzi wonse.

Ife a m'gulu lathu la alimi tinasonkherana ndalama n'kugula imodzi yakale. Caka cina m'mwezi wa June tinayamba kuona kadontho kakuda pansi, pakati pa mawilo akumbuyo, paliponse pamene motokayo yagona. Tinati motoka yakale ndi nkhalamba, siilephera kudontha, ndipo tinapitiriza kukweza masaka. Patapita masabata angapo, tili pa citunda cina pa mseu wa Great East titasenza katundu, kumbuyo kunayamba kulira ngati mphepo ya mkuntho, kenaka kukukuta, ndipo motoka inaima. Difu inali itauma gwa, mano ake atapsa. Tinagona m'thengo masiku awiri kulonda cimanga, ndipo ndalama imene tinagulira difu ina inadya phindu lonse la ulendowo ndi la maulendo ena otsatira. Cimene cinatipweteka mtima n'cakuti gwero la zonsezi linali kampira kakang'ono kamene amakanika amakacha silu, kokwana m'dzanja limodzi. Talemba izi kuti inu alimi anzathu musagwe m'dzenje limene ife tinagwamo.

Kodi difu n'ciani?

Difu ndi cija cooneka ngati dzungu lacitsulo pakati pa mawilo akumbuyo. Mphamvu ya injini imadzera m'citsulo cacitali ca pansi pa motoka, cimene timati propushafti, n'kulowa mu difu, ndipo difuyo ndiyo imaigawa ku mawilo. Amene amalima ndi ng'ombe adziwa kuti pokhota kumapeto kwa mzere, ng'ombe yakunja imayenda mtunda wautali kuposa yamkati. Mawilo naonso n'cimodzimodzi, ndipo difu ndiyo imalola kuti wilo lakunja lizungulire msanga kuposa linzake.

Mano a magiya a m'katimo amakhuzana mwamphamvu kwambiri, n'cifukwa cake amasambira mu oyilo wolemera, wosiyana ndi wa injini. Oyiloyu ali ndi fungo lamphamvu ngati la dzira loola cifukwa ca salufa amene amaikamo. Tikamva fungo limenelo pa kadontho kapansi, tidziwe kuti ndi oyilo wa magiya. Tikumbukirenso kuti injini ili ndi kanyale kocenjeza dalaiva oyilo akathawa, koma difu ilibe. Ikayamba kulira ndiye kuti zinthu zaonongeka kale.

Tiyambe tapeza pamene padontha

Tisathamangire kusitolo. Tiyambe tapukuta difu yonse ndi nsanza ya parafini, tiyende ndi motoka pang'ono, kenaka tiyang'ane pamene payamba kunyowa. Malo ake ndi atatu. Oyamba ndi kutsogolo kwa difu, pamene propushafti imalumikizana nayo. Apa pali silu ya pinyoni, ndipo ikatha oyilo amawazika pansi pa bodi. Aciwiri ndi kumawilo, kumene oyilo amaoneka kumbuyo kwa dramu ya mabuleki ndi m'kati mwa tayala. Acitatu ndi pa gasiketi, pozungulira mabauti amene amanga difu ku nyumba yake, kapena pa mapulagi aja awiri, yothirira ndi yokhutulira.

Silu siimangotha yokha nthawi zonse. Pamwamba pa akiselo pali kacitsulo kakang'ono ka cipewa, kopumira difu. Oyilo akatentha mpweya wa m'kati umafufuma, ndipo umatulukira pamenepo. Matope a dzinja akatseka kabowoko, mpweya umasowa njira n'kukankha oyilo kudzera pa silu. Ambiri amasintha silu kawiri katatu osadziwa kuti mlandu uli pa kabowo kameneka. Tikamasule, tikatsuke ndi parafini mpaka mpweya uzidutsa. Cina cimene cimadula silu kuno kumidzi ndi udzu, waya ndi ulusi wa masaka zimene zimakulungika pa shafti tikamayenda m'minda. Komanso difu yotentha ikalowa m'madzi a pamtsinje imazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi, ndipo oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Wotereyo ngwofunika kukhutula.

Moyo coyamba

Pano tipempha kuti muwerenge modekha. Pa motoka zambiri za mtundu wa Canter ndi Dyna, handibuleki imagwira pa kadramu kamene kali kumbuyo kwa giyabokosi, osati pa mawilo. Kutanthauza kuti tikangomasula propushafti, handibuleki ilibenso mphamvu, ndipo ngakhale giya imene tasiyamo siigwira kanthu. Motoka ikhoza kuyamba kuyenda munthu ali pansi pake. Conco tiimike motoka pamalo osatsetsereka, titsitse katundu yense, tiike miyala ikuluikulu kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo, ndipo makiyi akhale m'thumba mwa amene walowa pansi. Ngati tanyamula motoka, tisakhulupirire jeke yekha kapena njerwa, cifukwa njerwa imaphwanyika osacenjeza. Tiike zipika zolimba pansi pa akiselo.

Kusintha silu ya kutsogolo kwa difu

Tisanamasule ciliconse, tiike cizindikiro ca penti pa propushafti ndi pa fulanji, kaja kambale kacitsulo kamene shaftiyo imamangidwapo, kuti pobweza zikakumane mmene zinalili. Timasule mabauti ake, ndipo shafti tiimangirire m'mwamba ndi waya kuti isalendewere. Tsopano tigwire fulanji ndi manja n'kuigwedeza m'mwamba ndi pansi. Ikagwedera, ndiye kuti maberingi atha, ndipo silu yatsopano siidzakhalitsa. Nchito imeneyo ndi ya makanika wodziwa kukonza difu, tisaiyambe pansi pa mtengo.

Ngati siigwedera, tione nati yaikulu ya pakati. Nati iyi ndiyo imasunga maberingi pa muyeso wake, conco tijambule mzere umodzi wodutsa pa nsonga ya shafti, pa nati ndi pa fulanji, ndipo tiwerenge mizere ya ulusi wa shafti imene yatulukira kunja kwa nati, n'kulemba papepala. Nati zina zimakhala ndi kapini, zina anazitswanya m'mphepete kuti zisamasuke; ticotse kapiniko kapena tiongole potswanyikapo. Fulanji tiigwire ndi citsulo cacitali comangidwa pa mabowo ake awiri, ndipo tikamasula nati tiikoke ndi cokokera. Kuimenya ndi hamala kumaononga maberingi.

Tiike beseni pansi, n'kuzula silu yakale mosamala kuti tisakande pamene imakhala. Pa silu pamalembedwa manambala atatu m'mamilimita: kukula kwa bowo lamkati, kukula kwa kunja, ndi kucindikala kwake. Popita kusitolo ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, titenge silu yakaleyo pamodzi ndi nambala ya chasisi, cifukwa motoka zathu zambiri zinasinthidwapo kale akiselo ndipo dzina lokha silikwanira. Tiyendetsenso cikhadabo pa khosi la fulanji pamene silu imakhuza. Cikhadabo cikakodwa pa kamzere kokumbika, oyilo adzadutsabe pamenepo, ndiye pafunika fulanji ina kapena kasilivi kopyapyala kovekapo.

Silu yatsopano tiipake girisi pang'ono pa mlomo wake. Mbali imene ili ndi kasipuling'i iyang'ane m'kati, kumene kuli oyilo. Tiikhome pang'onopang'ono mozungulira, ndi paipi yolingana nayo kapena thabwa, mpaka ikhale mofanana mbali zonse. Silu yolowa mopendama imadontha tsiku lomwelo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pobweza nati ndi pamene ambiri amalakwa. Mnyamata wamphamvu amatenga paipi yaitali n'kumanga mpaka thukuta, poganiza kuti kulimba ndiko kukoma. Pa motoka zina, monga ma Hilux akale, pakati pa maberingi pali kapaipi kamene kanapangidwa kuti kafinyike pa muyeso wake. Nati ikapitirira, kapaipiko kamafinyika kopyola, maberingi amathina, amatentha n'kupsa, ndipo kubweza nati m'mbuyo sikukonza kanthu. Timange mpaka mizere yathu ija ikumane ndipo nambala ya ulusi ifanane ndi imene tinalemba. Pa motoka zazikulu zimene buku lake limachula muyeso womangira, tibwereke sipanala yoyezera. Tikatha titswanyenso nati kapena tiike kapini katsopano.

Ngati padontha ndi kumawilo

Apa ngozi yake ndi ina. Oyilo akalowa m'dramu amanyowetsa malaining'i a mabuleki, ndipo motoka imakokera mbali imodzi kapena kukana kuima. Taganizani za zitunda ndi makona a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, motoka itasenza, anthu atakhala pamwamba pa masaka. Malaining'i amene amwa oyilo satsukika, ngakhale kuwaocha ndi petulo monga ena amacitira. Tigule atsopano, ndipo tisinthe mawilo onse awiri kuti mabuleki azigwira mofanana. Popeza silu yakumawilo imafuna kusolola hafushafti ndi kucuna maberingi a wilo, amene sanaicitepo aitane wodziwa. Safunsa anadya phula.

Kuthira oyilo

Nthawi zonse tiyambe tamasula pulagi yothirira, ya m'mbali, tisanakhudze yokhutulira ya pansi, kuopera kuti tingakhutule oyilo kenaka n'kupeza kuti pothirira pakana kutseguka. Pa pulagi yapansi kawirikawiri pamakhala maginito. Tikapezapo phala lakuda losalala palibe vuto, koma tikapeza tizidutswa tacitsulo, magiya ayamba kusweka. Oyilo woyenera ndi wolembedwa GL-5, wa nambala 90 kapena 80W-90, ndipo motoka zina zolemera zimafuna 85W-140. Wa injini sayenera, ngakhale tsiku limodzi. Hilux yakale imamwa malita awiri ndi pang'ono, Canter imaposa pamenepo, koma muyeso wake ndi umodzi: motoka ili pamalo olingana, tithire mpaka oyilo afike pa mlomo wa bowo lothirira. Kupitirira apo ndi kuitananso kudontha. Oyilo wakale tisunge m'cigubu cotseka, kutali ndi citsime, ziweto ndi ana.

Tikayenda ulendo woyamba tiime panjira, tiyang'ane pansi, ndipo tiyandikize dzanja pa difu. Kufunda n'kwabwino, koma ikatentha mwakuti malovu acita kuwira, tibwerere kwa makanika.

M'gulu lathu tinapangana lamulo limene tikupatsani kwaulere. M'mwezi wa April, cimanga cikali kuuma m'munda, motoka imalowedwa pansi: kopumira kamatsukidwa, oyilo amayesedwa ndi cala pa bowo lothirira. Ndipo m'mawa uliwonse dalaiva asanalize injini, amawerama n'kuyang'ana dothi la pakati pa mawilo akumbuyo. Akaona kadontho, tsiku limenelo saka silikwera.