Kuunika Phiri la Mulanje Kuchokera Mumlengalenga

Kulemba mapu osonyeza pamene pali nkhalango, udzu, miyala ndi minda pa phiri ngati la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi ntchito imene masiku ano imadalira setilaiti, chipangizo chozungulira dziko lapansi chikujambula zithunzi. Ma setilaiti a Landsat a ku America anayamba kujambula mu 1972, ndipo kadontho kalikonse pa zithunzi zawo zamakono kamaimira malo a mamita 30 mbali zonse, pomwe Sentinel-2 ya ku Ulaya, yomwe inaulutsidwa mu 2015, imafika pa mamita 10. Masamba amoyo amabweza kwambiri kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, ndipo kompyuta imagwiritsa ntchito kuwala kumeneku posiyanitsa zomera ndi thanthwe kapena malo amene apsa.

Kuphiri zinthu sizilongosoka chotere. Mitambo ya chiperoni imaphimba chigawo chonse kwa masiku angapo, ndipo zithunzithunzi za matanthwe zimadetsa zigwa mpaka nkhalango yowirira n'kuoneka ngati madzi, choncho akatswiri amayamba akonza chithunzi potengera kutsetsereka kwa malo ndi mbali imene dzuwa linali. Radar, yomwe imatumiza mafunde odutsa m'mitambo, imathandiza, koma nayonso imasokonezeka pamalo otsetsereka kwambiri. Chovuta chachikulu n'chakuti kuchokera kumwamba mkungudza wa ku Mulanje, umene watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha odula mozemba ndi moto, susiyana kwenikweni ndi paini wobwera. Mapu otere sayenera kukhulupiriridwa anthu odziwa mitengo asanakwere phirilo n'kukatsimikizira ndi maso.