Kuthokoza pambuyo pa intavyu: zofunika kudziwa kwa ofuna nchito kwa Malama

Caka ciliconse mvula ikayamba kukata, mu Epulo ndi Meyi, makampu a alendo m'cigwa ca Luangwa amakonzekera kutsegulanso, ndipo acinyamata a kwa Mfumu Malama m'boma la Mambwe amayamba kufunafuna nchito. Ena amafunsira yophika, yocapa, ya ulonda kapena yoyendetsa galimoto. Ena amafuna kukhala masikauti oteteza nyama pansi pa bungwe la Community Resources Board. Oitanidwa ku mafunso a nchito, omwe ambiri amati intavyu, kawirikawiri amangobwerera kumudzi kukadikira yankho. Komabe m'masiku odikirawo wofuna nchito angathe kutumiza mau othokoza kwa amene anamufunsa.

Nkhaniyi ndi yaikulu cifukwa nchito zolembedwa n'zocepa m'derali. Mfumu Malama ndi mmodzi wa mafumu 6 a Akunda, pamodzi ndi Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe ndi Msoro, ndipo dziko lake lili m'dera la nyama la Lupande, moyandikana ndi paki ya South Luangwa yomwe inakhazikitsidwa mu 1972. Makampu ambiri a m'thengo amalandira alendo kuyambira Meyi kapena Juni mpaka Okutobala kapena Novembala basi. Munthu akaphonya mwayi nyengo ino amadikira caka camawa, ndipo nthawi zambiri amakapezanso mabwana omwewo.

Mau othokoza sapatsa munthu nchito imene alibe nayo luso. Cimene amacita n'kukumbutsa olemba nchito dzina la munthu mmodzi pakati pa ambiri amene anawaona tsiku limodzi. Amasiyanso njira yomupezera munthuyo. Kumidzi ina ya kwa Malama lamya imavuta kugwira, ndipo mseu wocokera ku Mfuwe umavuta kuyendamo mitsinje ikadzaza. Bwana akaimba kawiri osayankhidwa angathe kuitana wotsatira pa mndandanda. Motero ndi bwino kuikamo nambala yaciwiri, ya m'bale kapena mnansi amene lamya yake imakhala yotsegula, atayamba wapemphedwa cilolezo.

Ku America, komwe mwambo umenewu ndi wofala, alangizi a za nchito amalimbikitsa kutumiza imelo yothokoza pasanathe maola 24. Kwa Malama uthenga wa pa lamya kapena wa pa WhatsApp ndi wokwanira ngati ndi njira imene ofesiyo inaitanira munthu. Ngati anaitanidwa ndi kalata, kakalata kolemba pamanja kosiyidwa pa ofesi kamagwira nchito yomweyo. Wocokera kutali angacite bwino kutumiza uthengawo asanacoke ku Mfuwe, lamya ikali kugwira.

Uthengawo ukhale waufupi, m'cinenero cimene intavyu inacitikira, kaya Cingelezi kaya Cinyanja. Uyambe ndi ulemu, monga Abwana, Bambo kapena Amai, ndipo utchule tsiku, nchito ndi cinthu cimodzi cimene cinakambidwa. Mwacitsanzo: "Abwana, zikomo kwambiri cifukwa condipatsa mpata wolankhula nanu dzulo pa nchito yophika. Ndamvetsa kuti wophika wa kukampu amagona komweko masabata angapo, ndipo ndine wokonzeka kutero. Lamya yanga ikapanda kugwira, ndingapezeke pa nambala iyi." Pansi pake pakhale dzina lonse monga lilili pa ciphaso ca NRC. Madandaulo a njala ya pakhomo ndi kutchula abale odziwika sizifunika mu uthenga wotere.

Pamafunikanso kusiyanitsa kuthokoza ndi mphatso. Pa mwambo, munthu sapita kwa mfumu cimanjamanja, ndipo amene wathandiza amathokozedwa ndi nkhuku kapena mbale ya mpunga. Pa nkhani ya nchito zinthu n'zosiyana. Lamulo lolimbana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Act la 2012 limaletsa kupereka kapena kulandira kanthu kuti munthu akonderedwe, kaya m'boma kaya m'kampani, ndipo mlandu umagwera wopereka ndi wolandira yemwe. Nkhuku, ndalama ya pa lamya kapena mayunitsi otumizidwa yankho lisanatuluke zingaoneke ngati ciphuphu, ngakhale wotumizayo atazicha zikomo. Aliyense wopempha ndalama kuti dzina lilowe pa mndandanda ayenera kukanenedwa ku polisi kapena ku Anti-Corruption Commission.

Cenjezo limeneli limakhudza kwambiri nchito za ku Community Resources Board, cifukwa mamembala ake amasankhidwa m'midzi momwemo, ndipo wofunsa mafunso angakhale malume kapena mnansi wa wofunsidwa. Mau othokoza apite ku bungwe lonse kudzera ku ofesi, osati kunyumba kwa membala mmodzi madzulo. Nchito za boma nazo zili ndi njira yake. Pamene boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, maina a osankhidwa analengezedwa poyera, ndipo pa kulemba kotere uthenga wa kwa wogwira nchito mmodzi suthandiza kanthu.

Uthenga umodzi ndi wokwanira. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha: tsiku limene analonjeza likadutsa, wofuna nchito angafunse kamodzi mwaulemu, osati kuimba m'mawa ndi madzulo. Yankho likakhala lokana, mau acidule othokoza ndi kupempha kuti adzamukumbukire mpata ukadzapezeka amaposa kunyoza pa Facebook kapena pa msika, pakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Likakhala lovomera, cotsatira n'kufunsa za pangano la nchito. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limafuna kuti pangano la miyezi 6 kapena kuposerapo likhale lolembedwa, ndipo wolembedwa nchito ayenera kuliwerenga bwino asanasaine.