Kodi mumadziwa? Mwayi unagwetsa katswiri wa backgammon

Mu 1979, ku Monte Carlo, Luigi Villa wa ku Italy atangotenga kumene chikho cha dziko lonse cha backgammon, anagonja 7-1 kwa pulogalamu ya kompyuta ya BKG 9.8 yomwe anaikonza Hans Berliner. Mwini pulogalamuyo anavomereza pambuyo pake kuti amene anasewera bwino ndi Villa, kungoti madayisi anakomera kompyutayo. Mpikisanowo unali wa mapointi 7 okha. N'chifukwa chake akatswiri amakonda mipikisano yaitali, pamene ongoyamba kumene amapezerako mpata pa yaifupi. Pa mpikisano wa mapointi 3 ndiye mwayi umachita kunyanya: gemu imodzi yokha, mapointi ake atachulukitsidwa kawiri n'kutha ndi gammon (kupambana kumene kumachulukitsanso mapointi kawiri), imapereka mapointi 4, katswiri n'kunyamuka pampando asanaonetse luso lake.