Khonsolo ikauma m'thumba, mabedi a m'chipatala amadzaza

Ife anamwino kuno ku Mangalande timadziwa kuti khonsolo yayamba kuvutika nyuzipepala zisanalembe. Timaonera mabedi. Gogo wachira, dokotala wanena kuti atha kupita, koma akugonabe m'wodi sabata yachiwiri poti kunyumba kwake kulibe womusambitsa ndi kumupatsa mankhwala. Wodwala wina akudikira bedi lomwelo pakhonde. Ambiri amaloza chala NHS, koma kusamalira okalamba ndi olumala m'makomo mwawo si ntchito ya NHS ayi. Ndi ya khonsolo.

Tifotokoze pang'ono kwa amene mwangofika kumene. M'madera monga Kent, Essex ndi Hertfordshire makhonsolo alipo awiri. Yaing'ono, ya district, imachotsa zinyalala, imayang'anira za nyumba ndi kutolera msonkho wa khonsolo. Yaikulu, ya county, ndiyo imasenza katundu wolemera: okalamba, ana ovutika, misewu ndi malaibulale. Mu December 2024 boma lidalengeza kuti likufuna kuphatikiza makhonsolo oterewa. Koma kusintha dzina pachipata sikusambitsa gogo.

Zimene zidachitika ku Northamptonshire ndi zosaiwalika. Mu October 2017 khonsolo ya county idatsegula likulu lake latsopano la mapaundi 53 miliyoni. Pofika February 2018 idalengeza kuti ndalama zatha ndipo idaimitsa zogula zonse zatsopano, kupatula zimene lamulo limakakamiza. Idagulitsa likulu lija n'kuyamba kulipira lendi m'nyumba yomweyo. Idafuna kutseka malaibulale 21 mwa 36, koma khothi lidagamula mu August 2018 kuti ganizolo silidatsate lamulo. Mu 2021 khonsoloyo idathetsedwa, m'malo mwake mudabwera makhonsolo awiri. Mu September 2023 Birmingham nayo, mzinda umene muli abale athu ambiri, idalengeza kuti yauma.

Tsono ndalama zikachepa, choyamba n'chiyani? Ife tikuti chisamaliro cha m'makomo. Maenje a mumsewu amaoneka ndi aliyense, n'chifukwa chake andale amawakonda pa kampeni. Nkhalamba yogona ndi njala m'chipinda chotseka siioneka. Chikhalirecho ndalama yolipira munthu woyendera gogo kawiri patsiku ndi yochepa poyerekeza ndi ya bedi la m'chipatala, ndipo wokalamba akagona masiku ambiri m'wodi miyendo imafooka, amatuluka ali wofuna thandizo lochuluka kuposa mmene adalowera.

Nkhaniyi ndi yathu kawiri, pakuti ogwira ntchito yosamalirayi ambiri ndife tomwe. Khonsolo imapereka makontrakiti ku makampani, ndipo ikalipira mtengo wotsika, kampani imafinya wantchito. Mlongo wathu amapatsidwa mphindi 15 kuti adzutse munthu, amusambitse, amudyetse, kenaka athamangire basi. Malangizo a bungwe la NICE a 2015 amati ulendo wotere usamachepere mphindi 30, kupatula pa zifukwa zapadera, ndipo nthawi yoyenda kuchoka kwa wodwala wina kupita kwa wina imawerengedwa ngati ntchito pa malipiro ochepetsetsa a boma. Khonsolo yanzeru ilembe zimenezi mu kontrakiti ndipo izipita kukaona ngati zikutsatidwa. Kuyambira July 2025 boma lidatseka njira yobweretsera antchito atsopano a chisamaliro kuchokera kunja, choncho kusunga amene alipo kale si chifundo chabe.

Chachiwiri ndi ana aang'ono. Kuyambira October 2015 makhonsolo ndiwo amalipira anamwino oyendera amayi ndi makanda m'makomo. Kwa mayi wachichepere amene amake ali ku Ntcheu kapena ku Chipata, mlendo ameneyu ndiye azakhali ake. Akachepa, mavuto a kuyamwitsa ndi a maganizo timakumana nawo mochedwa, atakula kale.

China n'chakuti makhonsolo amalankhula motsitsa mawu pa za ufulu wa anthu. Lamulo la Care Act la 2014 limati munthu wamkulu wooneka kuti akufuna chisamaliro aunikidwe mwaulere, ngakhale ali ndi ndalama, ndipo wachibale womusamalira nayenso ali ndi ufulu wounikidwa payekha. Mabanja athu angati akudziwa? Timangopirira, ati ndi mwambo wathu kusamalira makolo, mpaka wosamalirayo kudwala.

Ena amati mlendo ndi mame, za makhansala n'za eni dziko. Koma msonkho wa khonsolo tikulipira mwezi ndi mwezi, ndipo Malawi ndi Zambia ali mu Commonwealth: amene ali ndi chilolezo chokhala muno atha kulembetsa ndi kuvota, kuphatikizapo ophunzira, ngakhale a sukulu ya tsiku lonse salipira msonkhowo. Kuyambira May 2023 povota pamafunika chiphaso cha chithunzi, ndipo pasipoti ya kwathu imaloledwa. Bajeti imakambidwa chakumayambiriro kwa chaka, kawirikawiri mu February, pamsonkhano umene aliyense atha kukakhala nawo. Khansala wa dera lanu mukam'peza, m'funseni kuti kampani zosamalira okalamba akuzilipira zingati pa ola, ndipo pa ndalamazo zofika m'manja mwa wantchito ndi zingati.